Nkhope ya Achemwali pa Tisheti

Achemwali anga anakhala masabata atatu osalawa chilichonse chochokera m'manja mwanga. Madzi omwe, ndikawatungira, ankangowasiya pomwepo mpaka nkhuku zibwere kudzamwa. Munthu amene anandilera, amene ankanditafunira chinangwa ndili kamwana amayi athu atamwalira, ankandiyang'ana ngati ndabisa mpeni m'chitenje. Zonsezi chifukwa cha tisheti imodzi yoyera.

Kwathu tinabadwa atatu. Oyamba ndi achimwene, amene anakakwatira kunyanja ya Chiuta n'kukhazikika komweko pa ntchito ya usodzi. Iwowo ndiye mwini mbumba, kanthu sikachitika pamtundu pathu iwo osamva. Achiwiri ndi achemwaliwo, amene anatsala ku Utale pamalo amene agogo athu anafikira pochokera ku Mozambiki. Wotsiriza ndine, wogulitsa matemba ndi milamba yowamba mumsika wa pa Liwonde kuyambira ana anga ali kumsana.

Mwana wanga wachiwiri, mayi wa ana atatu, ndi telala. Chaka china anagula makina odindira zithunzi ndi zilembo pa malaya. Chinthu chake chachitsulo, chotentha kuposa simbi, chotsegula kukamwa ngati ng'ona ya mu Shire. Ankati azidinda matisheti a makwaya ndi a matimu a mpira pambali pa kusoka. Koma makwaya sanabwere, a mpira anabwera kamodzi basi. Makina aja anakhala pafupifupi chaka atafunditsidwa chitenje pakona, ana n'kumaikapo makope awo a kusukulu.

Tsiku lina ndinapita kukaonerera mwambo wovundukula chiliza cha mnzanga wina amene tinkagulitsa limodzi nsomba. Abale ake onse anavala matisheti okhala ndi nkhope ya malemu pachifuwa. Koma nkhope yake, inu! Yakuda bii, ngati munthu wapsa ndi moto wa tchire. Ine amene ndinakhala naye benchi limodzi zaka zonse zija sindinamuzindikire. Nditafunsa mwana wake, anati anakadinditsa kutali, mtauni, ndipo atawalandira panalibenso nthawi yobweza.

Ndinabwerera kunyumba mutu ukugwira ntchito. Ndinamuuza mwana wanga kuti, "Vundukula chinthu chako chija. Iwe uzidinda, ine ndizikupezera anthu."

"Amayi, inu mudziwa chiyani za matisheti?"

"Za matisheti sindidziwa, koma anthu ndimawadziwa. Pabenchi panga pamadutsa aliyense amene kwawo kuli mwambo, chifukwa mwambo sutha popanda ndiwo."

Ndi mmene inayambira geni yanga yapambali. Ine sukulu sindinapondeko, zilembo ndimangoziona ngati nyerere zafola, koma nkhope ya munthu ndikaiona kamodzi sindiiwala. Tsono ndinkati munthu akagula milamba yambiri, ndimufunse mwaulemu kuti kwawo kuli chiyani. Akati chiliza, ine ndayamba. Vuto linali limodzi. Aliyense ankafunsa funso lomwelo: "Nanga nkhope imaoneka bwino? Tione kaye imene munapangapo." Ndipo ine ndinalibe choonetsa.

Apa mpamene ndinaganiza nzeru imene panthawiyo ndinaiona ngati yakuya. Ndinati tikadinda nkhope ya munthu wakufa, woona adziwa bwanji kuti yafanana? Mwini nkhope ali kumanda, simungakamuyerekeze. Koma wamoyo, amene anthu ena amamudziwa, aliyense angathe kuvomereza kuti eya, ndi yemweyo. Mufoni ya mwana wanga munali chithunzi cha achemwali chimene anawajambula pa ukwati wina, atamanga duku lobiriwira, akumwetulira mpaka mpata wa mano awo ukuoneka. Chithunzi chokongola kwambiri.

"Dinda ichi," ndinatero.

Mwana wanga anandiyang'ana. "Amayi aakulu? Koma ali moyotu."

"Ndiye ubwino wake umenewo."

"Mwawapempha?"

"Ndikawapemphe chiyani mchemwali wanga? Ndikupita kukabwereka mphika?"

Anandionetsa zokongoletsa zosiyanasiyana zoika m'mbali mwa chithunzi, ine ndinaloza za nkhunda ziwiri zoyera ndi maluwa. Anati zimenezo ndi zimene amasankha a maliro. Ndinati ndiye zabwino, chifukwa a maliro omwewo ndi amene tikufuna. Anapukusa mutu, koma anadinda. Atatsegula kamwa la makina aja, ine ndinabwerera m'mbuyo. Achemwali enieni! Makwinya a pachipumi, kachipsera ka pansi pa diso, zonse. Ndinatsala pang'ono kuwapatsa moni.

"Koma izikhala m'chikwama," anatero mwana wanga. "Muzitulutsa pokhapokha mukulankhula ndi munthu, ndipo muzimuuza kuti mwini nkhope ali moyo."

Ndinavomera, ndipo masabata oyamba ndinkachita momwemo. Tisheti ija inagwira ntchito yoopsa. Munthu akangoiona ankati basi, mawa ndibwera ndi chithunzi cha bambo anga. Makina aja anayamba kutentha tsiku ndi tsiku. Ine ndinayamba kuyenda mumsika mutu uli m'mwamba.

Lachisanu lina anthu anachuluka. Uyu akuti tione, uyo akuti tione, manja anga ali mafuta a milamba okhaokha. Ndinaopa kuidetsa, ndiye ndinangoipachika pamtengo wa denga la benchi langa kuti aliyense azidzionera yekha. Kenaka kunabwera uthenga woti galimoto ya nsomba yafika kudepoti. Ndinamuuza mnzanga wa benchi loyandikana, mayi wachisilamu wogulitsa mpunga, kuti andionere malonda, ine n'kuthamanga. Tisheti ndinaisiya ikulendewera, mphepo ikuivinitsa.

Nditabwerera mnzanga uja anati, "Anganga, kunabwera mayi wina apa. Anangoima n'kumayang'ana malaya anuwo, kenaka wagwira pakamwa."

"Amafuna kudinditsa?"

"Kaya. Anandifunsa kuti malayawa ndi a chiyani. Ine ndinati ndi aja a anthu omwalira, eni benchi ndi amene amapanga. Basi anangotembenuka, ulendo. Ngakhale kutsanzika."

Ine ndinati ameneyo abweranso ndi chithunzi. Sindinaganize chilichonse. Ndinapachula tisheti, kuipinda, kuibweza m'chikwama.

Lolemba m'mawa foni yanga inalira. Anali mwana wamkazi wa achemwali, amene amakhala nawo ku Utale. Mawu ake anali ouma. "Amayi aang'ono, bwerani msanga. Kuno kwachitika zinthu." Ndisanafunse anadula. Inu mukudziwa, kwathu kuno munthu sakuuza imfa pafoni mwachindunji, amati bwerani, zinthu sizili bwino. Ndinamanga milamba ndi matemba mumtanga, chifukwa pamaliro ndiwo sizikwana, ndinakwera minibasi, kenaka kabaza. Njira yonse ndinkangopemphera kuti ndiwapeze akupumabe.

Kabaza itandisiya, ndinaona zimene ndinkaopa. Amuna atakhala pansi pa mtengo wa masau, achimwene a ku Chiuta ali pakati pawo, mutu uli pansi. Amayi atakhala paokha pakhonde. Ndinaponya mtanga uko, manja kumutu.

"Mayo ine! Achemwali anga ine! Mwandisiyira ndani ine!"

Palibe amene anandithandiza kulira. Onse ankangondiyang'ana. Ndiye m'nyumba munatuluka mawu amene ndimawadziwa kuyambira ndili mwana.

"Wayambanso wina. Muuzeni atonthole, mutu ukundipweteka."

Ndinakhala pansi pomwepo, pafumbi. Achemwali anatuluka, atagwira chitseko, amoyo, duku lili kumutu. Sanandipatse moni. Anakhala pamphasa n'kuyang'ana kumbali.

Mwana wawo ndi amene anandifotokozera zonse, pamaso pa anthu. Mayi uja amene anagwira pakamwa mumsika anali alamu anga, akazi a achimwene. Anabwera pa Liwonde kudzagula ukonde, n'kuganiza zondizonda pabenchi. Anapeza ine kulibe, koma nkhope ya alamu awo ikulendewera pakati pa nkhunda ndi maluwa. Anabwerera ku Chiuta akulira m'galimoto. Achimwene atamva, chisoni chinasanduka ukali. Anati ngati afika podinda malaya ndiye kuti anaika kalekale, ndipo aika mlongo wawo iwo mwini mbumba osauzidwa. Alamu anati tiimbe foni tifunse. Achimwene anakana. Anati anthu amene andiyesa galu sindingawaimbire foni, ndikawaonera pamanda pomwepo.

Tsono Lamulungu masana anafika ku Utale anthu asanu ndi mmodzi, atasenza ufa, nsomba ndi nkhuku. Atafika pamphambano ya kunyumba amayi anayamba kulira, monga mwa mwambo. Achemwali anali kuseri kwa nyumba akupeta nandolo. Atamva kulira kuja anataya lichero, nawonso anayamba kulira, akuthamangira kubwalo, akufunsa kuti, "Ndani? Watisiya ndani?" Anakumana pakona ya nyumba maso ndi maso ndi alamu awo.

Akuti alamu anakuwa mawu amene sanamvekepo m'mudzi muja. Ufa uko, nkhuku uko. Amayi ena awiri anathawira m'munda wa nandolo, mmodzi anataya nsapato imene mpaka lero sinapezeke. Achimwene, munthu wopalasa bwato pakati pa mvuu, anangogwa n'kukhala pansi. Achemwali ali chiimire, akufunsabe kuti wamwalira ndani. Ndipo anthu a m'mudzi anali atayamba kale kufika, ena atanyamula nkhuni, chifukwa kulira anakumva. Mpaka mayi wina wa ku Chiuta anasuzumira kuchokera mu nandolo muja n'kunena kuti, "Ndinu."

Mwana uja akufotokoza, amuna ena pansi pa mtengo ankabisa nkhope kuti asaoneke akuseka. Inenso kamtima kena kanafuna kuseka. Koma nditayang'ana achimwene, kuseka konse kunathawa.

"Iwe," anatero, "malaya amenewo unapanga ndiwe?"

"Ndine, achimwene. Koma chinali chitsanzo chabe, choonetsa anthu."

"Chitsanzo cha chiyani?"

"Cha malaya a... a chiliza."

"Ndiye pa anthu onse a padziko, unaona kuti woyenera chiliza ndi mchemwali wako?"

Ndinayesa kufotokoza nzeru yanga ija, yoti wakufa sayerekezeka. Mawu aja ndili pa Liwonde ankamveka anzeru. Pabwalo paja ankatuluka ngati a munthu woledzera.

Alamu anali atakhala pakhonde, bondo atamanga nsanza chifukwa anagwa pothawa. Anati, "Tamva kuti geni yake ikuyenda bwino zedi. Makina amene anagona chaka chonse, lero sakupuma. Ayamba liti kuyenda? Atangoikapo nkhope imeneyi."

Aliyense anamva chimene alamu ankatanthauza, koma achimwene ndi amene anachitchula.

"Anthu akuti wakhwima. Akuti wapereka mchemwali wako kuti malonda ayende, ndipo malayawo wangotsogoza."

Abale, ine ndamvapo mawu oipa mumsika, ndatukwanidwapo ndi oledzera, koma mawu awa anandilowa ngati madzi ozizira m'khutu. Ine? Kupereka munthu amene anandibereka kumsana pamene iye mwini anali asanamere ndi mabere omwe? Ndinakwawa ndi maondo mpaka pamphasa pawo.

"Achemwali, inunso mukukhulupirira zimenezi?"

Ndinakatenga mtanga uja, ndinasankha mlamba waukulu, wonona, umene amaukonda, n'kuuika patsogolo pawo. Anauyang'ana, kenaka anaukankha ndi kunsi kwa dzanja mpaka unagwera pafumbi.

"Ndiwo za pamaliro anga ndidye ndekha?" anatero. "Tenga."

Ndinati nditumize uthenga kuti tisheti ija ibwere aione okha kuti ilibe kanthu. Anati chinthu chimenecho chisaponde pakhomo pawo.

A ku Chiuta anabwerera tsiku lotsatira. Ine ndinatsala. Benchi ndinamusiyira mnzanga wa mpunga uja, ndinati sindichoka kuno mpaka achemwali adye chakudya changa. Ndinkasesa, ndinkatunga madzi, ndinkaphika. Iwo ankadya za mwana wawo zokha, zophikidwa mumphika wina, pamoto wina. Mbale yanga inkabwerera momwe yapitira.

Ndipo anayamba kufooka. Kutchalitchi anasiya kupita, chifukwa Lamulungu loyamba ana anawathawa panjira akukuwa kuti mzukwa. Kumunda anasiya. Ankangogona pamphasa kuseri kwa nyumba, nkhope atalozetsa kukhoma. Mwana wawo anapita nawo kuchipatala, kumeneko anati magazi akuthamanga, anawapatsa mankhwala. Koma m'mudzi nkhani inali ina. Ankati mwaona, zayamba. Ine ndinkadziwa kuti achemwali akangotseka maso masiku amenewo, kaya ndi malungo, kaya ndi njoka, wowapha ndine. Koma choposa pamenepo, akanapita akukhulupirira kuti ndinawagulitsa. Akatsokomola kamodzi, ine ndinkathamanga kukawasuzumira.

Kumjigo amayi ankasuntha ndowa zawo ndikaika yanga. Tsiku lina mayi wina wachikulire, mnzawo wa achemwali wa kumphakati wa tchalitchi, anandiyang'ana m'maso n'kundifunsa mofatsa, popanda chipongwe.

"Inu mukuti malayawo alibe kanthu?"

"Alibe, amayi. Ndi nsalu ndi utoto basi."

"Nanga bwanji simunaikepo nkhope yanu?"

Ndinafuna kunena kuti ndinalibe chithunzi chabwino, koma limenelo likanakhala bodza, foni ya mwana wanga yadzaza ndi ine. Ndinasenza ndowa n'kumapita, funso lija likunditsatira. Panjira ndinadzifunsa ndekha kuti, mwana wanga akanati amayi tiike nkhope yanu pakati pa nkhundazi, ndikanavomera? Thupi langa lonse linayankha kuti iyayi. Ndikanati usandiitanire tsoka. Ndinatula ndowa pansi pakati pa njira. Chimene ine ndikanachiopa pa thupi langa, ndinachiika pa mchemwali wanga osamufunsa n'komwe. Sindinakhwime ayi, koma kulakwa ndinalakwa, ndipo tsiku limenelo mpamene ndinakuona kukula kwake.

M'mawa mwake ndinakwera ulendo wa pa Liwonde. Ndinamupeza mwana wanga akusoka.

"Ndijambule," ndinatero.

"Amayi, mwafika liti? Amayi aakulu ali bwanji?"

"Ndijambule, undidinde pa tisheti. Nkhunda zomwe zija, maluwa omwe aja."

Anaimitsa makina osokera. "Iyayi. Mukufuna anthu azinena kuti ine ndikupha amayi anga?"

"Waona? Iwenso ukuopa."

"Sindikuopa, koma..."

"Konza chithunzicho. Chogwirira ndikanikiza ndekha, kuti pasadzakhale wonena kuti unandidinda ndiwe."

Anandijambula nditaima pakhoma la nyumba. Ndinayesa kumwetulira koma milomo inakana. Anakonza zonse, anayala tisheti, ine ndinagwira chogwirira cha makina ndi manja awiri n'kukanikiza. Kutentha kwake kunandiwomba kumaso. Atatsegula, ndinadziona ndekha pakati pa nkhunda ziwiri, maso ali tong'o. Munthu sayenera kudziona chomwecho. Ndinaivala ikadali yofunda. Ya achemwali ndinaiika m'chikwama.

Pa siteji kondakitala wa minibasi anayang'ana pachifuwa panga, anayang'ana kumaso, anabwereranso pachifuwa.

"Agogo, mwauka liti?"

"Lero lomwe. Tsegula chitseko."

"Kumeneko kuli bwanji? Abambo anga munawaona?"

"Ndinawaona. Akuti usiye kupanikiza anthu ngati matemba."

Anthu anaseka, koma mtsikana amene ndinakhala naye pafupi anadzikokera kuwindo, mwana wake anamutembenuzira kwina. Wa kabaza woyamba anakana kundinyamula. Wachiwiri anavomera, koma njira yonse ankaimba nyimbo ya kutchalitchi.

Ndinatsikira dala kumjigo kuti amayi onse andione. Mayi wachikulire uja anangoyang'ana n'kugwedeza mutu pang'ono. Chikwama ndinachisiya pansi pa mtengo wa masau, kunja kwa bwalo, chifukwa mawu a achemwali ndinkawakumbukira. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba. Anali pamphasa pomwe paja, dzuwa likuwawomba kumapazi.

"Achemwali, tembenukani."

Sanasunthe.

"Tembenukani mundione. Mukatero ndikusiyani."

Anatembenuka pang'onopang'ono. Maso awo anafika pachifuwa panga n'kuima pomwepo. Anadzuka n'kukhala tsonga, chinthu chimene anali asanachite okha kwa masiku angapo.

"Iwe, wapenga?"

"Ngati malaya amapha, atiphe tonse awiri. Ine sindivula mpaka mudye chakudya changa."

"Vula msanga chinthu chimenecho! Ukudziitanira chiyani?"

"Sindivula."

"Ndati vula! Ndinakulera ine kuti uzidziika m'manda wekha?"

Apo misozi inanditsika, chifukwa kwa masabata atatu aka kanali koyamba kundikalipira ngati mng'ono wawo. Ndinagwada. Ndinati, "Ndinalakwa, achemwali. Sindinapite kwa sing'anga aliyense, Mulungu akundiona. Koma ndinatenga nkhope yanu ngati ndikutenga lichero, osapempha. Chimene ine ndikanakana, ndinakuikani inu."

Anayang'anitsitsanso tisheti yanga. Kenaka anati, "Chithunzi chakenso chonyansa. Maso ngati wagwidwa ukuba nkhuku."

"Ndinali ndi mantha."

"Changanso chili chonchi? Anthu onse a pa Liwonde anandiona ndili chonchi?"

"Iyayi, chanu n'chokongola."

"Ukunama."

"Chili m'chikwama, kunja kwa bwalo. Munati chisaponde pano."

Anayang'ana kumbali, anatafuna milomo. "Katenge."

Pamenepo mpamene ndinazindikira kuti mudzi wonse unkakamba za tisheti imeneyi, ku Chiuta anailirira, koma mwini nkhope anali asanaionepo. Ndinathamanga ngati mtsikana. Ndinaipereka ndi manja awiri. Anaiyala pamaondo, anaiwongola makwinya ndi chikhatho. Ndinkadikira kuti akalipe, kapena aiponye pamoto. Koma sanatero. Chala chawo chinayenda pachipumi cha chithunzi chija, chinatsikira pakamwa, chinaima pa mpata wa mano.

"Awa ndi amayi," anatero motsitsa mawu.

"Ndinu, achemwali. Pa ukwati paja."

"Ndikudziwa kuti ndine, sindine wopusa. Koma chipumi ichi, mpata uwu, kapendekedwe ka mutu aka. Akanakhala ndi moyo mpaka kukalamba, bwenzi ali chonchi." Anandiyang'ana. "Iwe suwadziwa amayi ako. Bwera uwaone."

Amayi athu anamwalira ine ndisanayambe kuyenda, ndipo nthawi imeneyo kumudzi kunalibe zojambulana. Moyo wanga wonse ndakhala wonyadira kuti sindiiwala nkhope, koma nkhope imodzi imeneyo ndinalibe. Ndipo ndinakhala nayo m'chikwama masabata onse aja, ndikuionetsa kwa ogula nsomba. Ndinasendera pamphasa. Tinakhala moyandikana, mapewa akugundana, tikuyang'ana nsalu ija. Mwana wawo anatipeza choncho, anaima ndi ndowa kumutu akutiyang'ana.

Patapita nthawi achemwali anapinda tisheti ija bwinobwino n'kuikhalira.

"Iyi siibwerera pa Liwonde."

"Siibwerera."

"Milamba ija unabwera nayo, inatha?"

"Ilipo iwiri."

"Pali chinangwa m'khitchinimo. Koma usathire tomato wambiri, iwe umawononga ndiwo."

Ndinathamangira kukhitchini n'kuphika. Nditapereka kuseri kwa nyumba, anati iyayi, kayale mphasa kubwalo. Anatuluka okha, atagwira khoma, anakhala poonekera, pamene aliyense wochokera kumjigo ankadutsa. Ndinawasambitsa m'manja. Ndinanyema chinangwa, ndinachotsa minga pa mlamba, ndinawapatsira m'dzanja. Anthu anayamba kuchedwa panjira, ena akunamizira kukonza nkhata. Achemwali anatafuna pang'onopang'ono, anameza, n'kutambasulanso dzanja.

"Mchere wachepa," anatero mokweza, kuti a panjira amve. "Tsono vula chinyansi chakocho, ukundilepheretsa kudya."

Achimwene anatenga nthawi. Uthenga woti achemwali adya unawafika, koma anakhala miyezi osandilankhula, ndipo alamu mpaka lero akabwera pa Liwonde amagula nsomba pabenchi lina. Ku Utale alipo ena amene amanong'onabe ndikamadutsa. Mumsika anzanga anandipatsa dzina loti malemu, ndipo ndimavomera. Geni ikuyenda, koma munthu akabwera ndi chithunzi, ndisanachiyang'ane n'komwe ndimafunsa kuti mwini nkhopeyi ali kuti. Akati ali moyo, ndimati apite akabwere naye, adzanene yekha ndi pakamwa pake.

Tisheti ya achemwali ili pansi pa sutikesi yawo, pamodzi ndi nsalu zawo za kutchalitchi. Savala, ndipo salola wina kuikhudza. Koma ndikapita ku Utale, tikatha kudya, amandituma kuti ndikatseke chitseko, n'kunena kuti, "Tatulutsa amayi tiwaone."